Chipika chimene ndimasungitsa pa geti

Sabata ino ndanama, abale anga. Ndanama masana, dzuwa lili pamutu, pa geti la chipatala kuno ku Zomba, pamaso pa anthu, ine mkulu wa mpingo amene Lamulungu ndimayendetsa mbale ya zopereka. Ndipo bodzalo ndinachita kulisenza pamutu n'kuwoloka nalo msewu. Mpaka lero khosi likundikumbutsa.

Ndiyambe poyambira.

Mayi a kunyumba kwanga, aNabanda, anaterereka pa mjigo kwathu ku Chikamveka n'kuthyoka mwendo. Anawaika chikhakha n'kuwagoneka m'chipatala. Mng'ono wawo ndiye akugona nawo ku wodi, ine ntchito yanga ndi basiketi. Mukuidziwa basiketi ya kuchipatala: fulasiki ya phala, nthochi, chitenje chochapa, ndi moni wa anthu oyandikana nawo nyumba, amene onse akuti abwera mawa.

Lachiwiri ndinafika msanga. Ukakalamba umanyamuka m'mawa pa ulendo wa masana, chifukwa sudziwa kuti mawondo aganiza zotani panjira. Pa geti pali chikwangwani cha nthawi yoonera odwala, ndipo ndinachiwerenga mokweza monga ndimachitira ndi chikwangwani chilichonse. Mundikhululukire. Ine zilembo ndinazidziwa imvi zitayamba kale, ku sukulu ya kwacha, ndiye ndikaona zolembedwa sinditha kuzidutsa osazipatsa moni.

"Mwawerenga bwino, madala," anatero mlonda wa pa getipo. "Ndiye mwaona nokha kuti nthawi sinakwane."

Mlondayu ndimutcha a Namaona. Si dzina lawo lenileni, ndipo limenelo ndi bodza langa lachiwiri sabata ino, koma muona chifukwa chake. Ndi bambo wamtali, wa zaka zapakati, yunifolomu yosuluka m'mapewa, ndodo m'chiuno. Amachokera ku Likangala wapansi tsiku lililonse.

"Phalali lizizira," ndinawauza.

"Nanga fulasikiyo anaigulira chiyani aNabanda?"

Ndinadabwa kuti dzina akulidziwa. Iwo anati tsiku limene tinafika pa kabaza, amene anawanyamula kuwaika pa chikuku ndi iwowo. Ine sindinawakumbukire. Tsiku limenelo ndinaona yunifolomu, munthu sindinamuone.

Ndinaima pambali pamodzi ndi amayi ena a mabasiketi. Pasanapite nthawi miyendo inayamba kunjenjemera. A Namaona anayang'ana kumtunda kwa msewu, anayang'ana kumunsi, kenako analowa kuseri kwa geti n'kugubuduza chipika cha paini, chachifupi, chonenepa.

"Khalani apa, madala. Koma si mpando umenewu."

"Nanga n'chiyani?"

"N'chotchingira geti, kuti mphepo ya kuphiri isalimenyetse."

Ndinachiyang'ana chipikacho. Pamwamba pake panali see, ponyezimira ngati benchi ya kumbuyo m'tchalitchi, imene anthu amailimbirana.

"A Namaona, geti lanuli limavala thalauzi?"

Anaseka osatsegula pakamwa. Kenako anandifotokozera, maso ali ku msewu. Kampani yakale ya alonda inali ndi mpando pa getipo. Kontrakiti yake itatha, inabwera kudzatenga mayunifolomu ake ndi mpando womwe. Kampani yatsopano inalemba anthu omwewo, n'kuwapatsa malaya a mtundu wina, n'kuwauza kuti mlonda wokhala pansi ndi mlonda wogona. Kuyambira pamenepo ndi chiimire, kuchokera pamene walowa ntchito mpaka wina atabwera kudzakulandira. Chipikacho anawapatsa mayi wina wotsika ndi nkhuni kuphiri, amene iwo anamuthamangitsira mwana wake ku wodi atakomoka pa getipo. Geti likakhala zii, amakhalapo pang'ono kuti mitsempha ya m'miyendo ipume.

Ndinakhala. Abale, chipikacho chinandikomera kuposa sofa ya kwa abusa.

Ndiye inatulukira njinga yamoto.

A Namaona anawongoka ngati wina wawathira madzi ozizira kumsana. Wa pa njingayo anali kapitawo wa alonda, wochokera ku kampani, mnyamata ndithu poyerekeza ndi iwo. Anaima pafupi nane, injini osazimitsa.

"Namaona, ichi n'chiyani?"

"Chotchingira geti, bwana."

"Ndiye geti mukulitchinga ndi madalawa?"

Amayi a mabasiketi anayang'ana pansi kubisa mano. Koma kapitawoyo sanaseke.

"Ndinanena kapena sindinanene? Pa geti sipakhala mpando. Mwezi uno ukatha tikulemba mayina atsopano, ndipo anthu ofuna malaya amenewo ndi ambiri, akuchita kugona pa khomo la ofesi. Mukufuna ndikanene chiyani za inu?"

Anatulutsa foni kuti ajambule chipikacho, ine ndili pomwepo.

Zonsezi ankayankhula atakhala. Pa njinga yake pali mpando wofewa, wachikopa, ndipo sanatsikepo.

Mawu amenewo ine ndimadziwa kumene amachokera. Sachokera mu mtima woipa nthawi zonse. Amachokera m'mimba, mmene mumakhala mantha a bwana amene ali pamwamba pako. Ndili mnyamata ndinakhalapo kapitawo m'nkhalango ya paphiri la Zomba, ndipo pali nkhope ya munthu mmodzi wa masiku amenewo imene sinandichoke mpaka lero. Nkhani yake si ya nyuzipepala. Ndingoti nditaona manja a Namaona akufinya ndodo kumbuyo, pakamwa panga panatseguka pokha.

"Chipikachi n'changa."

Kapitawo anatsitsa foni. "Chanu?"

"Changa. Ndabwera nacho kuchokera ku Chikamveka. Mawondo angawa salola kuima, ndiye ndimayenda ndi pokhala panga."

"Munthu wamkulu ngati inu, kusenza chipika kuchokera ku Chikamveka?"

Ndisanayankhe, mayi wina wa basiketi yofiira, amene sindinamuonepo chibadwire, anati: "Eya, tawaona akubwera nacho. Tinawadutsa cha pa msika, akupumira."

"Dzulonso anali nacho," anawonjezera wina.

Dziko lino lingasowe zambiri, koma mboni sizidzasowa.

Kapitawoyo si wopusa. Anandiyang'ana ine, anayang'ana chipika, anayang'ana a Namaona. Kenako anaika foni m'thumba.

"Chabwino, madala. Ngati n'chanu, chichoke pa geti pano. Nyamulani mmene munabwerera nacho."

Ndipo anazimitsa injini kuti aonerere.

Inu mukanatani? Bodza ukalibala umalibereka wekha. Mayi wa basiketi yofiira uja anavula chitenje chapamwamba n'kundipindira nkhata. Amayi awiri ananditukulira chipikacho pamutu, uku akundilimbikitsa kuti munthu amene wachoka nacho ku Chikamveka sangalephere kamtunda aka. A Namaona sakanatha kuthandiza. Anangoima chiimire, maso akuyang'ana kutsogolo ngati msilikali.

Ndinawoloka msewu. Minibasi inaima kundidikira, kondakitala n'kufuula kuti, "Agogo, nkhuni zake mugulitsa kapena n'zamaliro?" Ndinakachitula kuseri kwa mayi wogulitsa masitiroberi ndi mapichesi a kuphiri, n'kumupempha kuti andiyang'anire. Nditatembenuka, njinga yamoto inali itapita, geti litatsegulidwa.

Ku wodi ndinawafotokozera aNabanda zonse, ndikuyembekezera kuti andiyamikira. Anamvetsera mpaka kumapeto, akumwa phala.

"Zaka zonsezi m'banja muno simunanditolereko nkhuni ngakhale tsiku limodzi," anatero. "Lero mwasenza chipika chifukwa cha mwamuna mnzanu?"

Mayi wa bedi loyandikana anaseka mpaka namwino anabwera kudzaona ngati zinthu zili bwino.

Tsono tiyeni tikambirane, inu ndi ine.

Kodi mlonda wa pa geti la chipatala ndi wa ndani? Mukafunsa a chipatala, akuuzani kuti ndi wa kampani. Mukafunsa a kampani, akuuzani kuti za kumeneko n'za a chipatala. Akadwala, amaima pa mzere kumbuyo kwa anthu amene wawatsegulira geti. Mvula ikatsika kuphiri, ija imabwera osagogoda, a chipatala amati jasi lamvula n'la kampani, a kampani amati likubwera. Ogwira ntchito ena akamamwa tiyi mkati, iye amamva fungo. Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Mlonda wa kontrakiti ali ndi mapanga awiri, ndipo onse ndi okhoma.

Chaka chino malaya abuluu, chaka chamawa akuda. Munthu ndi yemweyo, geti ndi lomwelo, koma kampani ikasintha amayambiranso ngati mlendo. Zaka zimene waima pamenepo zimapita pamodzi ndi malaya akale.

Ndipo ife, anthu a mabasiketi, timamutani?

Timamutukwana. Tisakane. Ine ndaima pa getipo masiku angapo tsopano, ndamva ndi makutu anga. "Iwe ndiwe ndani, ndiwe dokotala?" "Wodwalayo akafa umulipira ndiwe?" "Ukudziwa kuti ukuyankhula ndi ndani?" Funso lomalizali ndi la anthu a magalimoto, amafunsa galasi litatsitsidwa pang'ono. Mkwiyo umene timaopa kuuonetsa kwa dokotala timautula pa geti. Lamulo la nthawi yoonera odwala sanalembe ndi mlonda. Koma amene analemba sitimuona, ndiye timaluma amene ali pafupi.

Sindikunena kuti alonda onse ndi angelo. Alipo ena ndodo ija ikangofika m'chiuno amaiwala kuti anabadwa kwa mayi. Alipo amene geti lawo limatseguka msanga ukawapatsa moni wa m'manja. Amenewo tidzawakamba tsiku lawo. Koma ndikufunseni: munthu amene waima kuyambira m'mawa, miyendo yatupa, watukwanidwa ndi anthu a mitundu yonse, sakudziwa ngati mwezi wamawa ali pa ntchito, mukufuna akumwetulireni ndi mano ati?

Tsiku lina ndinawafunsa a Namaona ngati ntchitoyi amaikonda. Ndinkayembekezera madandaulo.

"Ndimaikonda, madala. Ndinalonderapo sitolo ya simenti. Simenti siyankhula, sichira. Pano munthu amalowa atanyamulidwa, ine ndagwira miyendo, abale ake agwira kumutu. Pakapita masiku ndimamuona akutuluka yekha, akukangana ndi wa kabaza. Iye sandidziwa, koma ine ndimamudziwa. Tsiku limenelo ndimafika ku Likangala osamva mtunda."

"Nanga amene satuluka okha?"

"Amenewo ndimavula chipewa. Geti ndimatsegula mbali zonse ziwiri."

Ndinafunsa chimene angapemphe akanakhala kuti eni kampani aima pamaso pawo. Ndinkaganiza kuti ayamba ndi malipiro, ndipo za malipiro ananenadi, monga anganenere aliyense. Koma choyamba kutuluka pakamwa pawo sichinali chimenecho.

"Pokhala," anatero. "Ndi kuti azitifunsako. Geti ili timalidziwa ndife."

Pokhala. Ndani anatiphunzitsa kuti munthu akaima ndiye kuti akugwira ntchito, akakhala ndiye kuti akuba nthawi? M'tchalitchi timaima poimba nyimbo, tikatha timakhala, ndipo Mulungu sanadandaulepo. Woweruza milandu amaweruza atakhala. Woyendetsa basi amatifikitsa ku Blantyre atakhala. Amene analamula kuti mpando uchoke pa geti analamula atakhala, mwinanso pa mpando uja wozungulira. Koma munthu amene tamupatsa chipatala chonse kuti atiyang'anire, ameneyo tikumuopa kuti akangopinda mawondo ndiye kuti akuba alowa.

Amati akakhala agona. Ine ndakalamba, tulo ndimalidziwa bwino. Munthu wotopa amagona ataima. Ndinaonapo wina akusinza atatsamira mtengo, nkhwangwa ili m'manja. Chimene chimagonetsa munthu si mpando.

Kapitawo uja sindimuda. Nayenso ndi wa kontrakiti, nayenso pamwamba pake pali wina wa foni yaikulu. Akabwerera ku ofesi opanda cholakwa chimene wapeza, amufunsa kuti mafuta a njinga wathera chiyani. Ndiye amayendayenda kusaka zipika. Tsiku lina adzakalamba, ndipo nkhope ina idzamutsatira. Ndikanakonda wina akanamuuza msanga.

Tibwerere ku chipika changa.

Ndikuti changa chifukwa pano n'changadi. Lachiwiri lomwelo potuluka, a Namaona anandinong'oneza kuti, "Madala, chija ndakupatsani. Musapite ku mgonero ndi bodza pa chifukwa cha ine." Ndiye bodza langa linasanduka zoona lisanagone. Abusa akafunsa, ndili ndi poyambira.

Koma ine chipika ndichitenji? Ndipo a Namaona anali ataima, popanda ngakhale chotchingira geti.

Lachitatu, ndikudikira nthawi, ndinaona chinthu chimene ndakhala ndikuchiona osachiganizira. Bambo wina anafika ndi chikwanje, akuchokera kumunda. A Namaona anamuuza kuti chikwanje sichilowa ku wodi, achisiye pa geti, achitenga potuluka. Wina anasiya njinga. Mayi wina anasiya nkhuku yomanga miyendo. Pakona pa getipo pali malo a katundu wa alendo, ndipo kusunga katunduyo ndi ntchito imene kampani yomweyo inawapatsa alonda.

Ndinawoloka msewu. Mayi wa masitiroberi uja ndinamupeza atakhala pa chipika chija, ndipo anachoka monyinyirika. Ulendo uno sindinasenze. Ndinachigubuduza ndi phazi, pang'onopang'ono, magalimoto akuliza mahutala.

"A Namaona, katundu wangayu saloledwa ku wodi. Mundisungire."

Anayang'ana chipikacho, kenako anandiyang'ana ine.

"Mutenga potuluka, madala?"

"Ndikakumbukira. Koma ndikuchenjezeni, mu Zomba muno nkhuni zavuta. Chipika chongosiyidwa chimamera miyendo. Mmene mungachisungire kuti chisayende, mukudziwa ndinu, ntchito ndi yanu."

Lachisanu kapitawo anabweranso, ine ndili chapatali ndi basiketi yanga. Anachiona chipikacho pakona, pakati pa njinga ndi maambulera.

"Namaona, ichi chabweranso?"

"Katundu wa madala aja, bwana. Asungitsa."

Kapitawoyo anatembenuka n'kundipeza ndi maso. Ndinamuvulira chipewa. Iye anatsika pa njinga, koyamba ine kumuona atatsika, n'kudziwongola msana ndi manja onse awiri.

"Katundu wa alendo asamasowe," anatero. Anakwera n'kumapita.

Sananene kuti akhalepo. Sananene kuti asakhalepo. Dzina la a Namaona lidzakhalapo kapena ayi mwezi ukatha, sindikudziwa, ndipo iwonso sakudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti foni sinatuluke m'thumba.

Vuto ndi lakuti aNabanda akupeza bwino. Dokotala wati sabata yamawa atuluka, ndipo ayamba kale kundiwerengera zimene ndawononga kunyumba iwo kulibe. Akatuluka, ine pa getipo ndidzafunapo chiyani? Chipikacho ndidzachiiwala, zimenezo ndakonza kale, pa msinkhu wanga kuiwala sikudabwitsa munthu. Koma katundu woiwalika sakhala pa geti mpaka kale. Ndipo mageti ndi ambiri. Kuli lakumbuyo, kuli la ku wodi ya amayi, kuli la ku nyumba ya chisoni. Ine khosi ndili nalo limodzi.

Kodi m'dziko muno, kuti bambo wa ana apumitse miyendo pa ntchito, mpaka pafunike nkhalamba yonama ndi amayi awiri ochitira umboni?

Inu a kampani, inu a chipatala, ndi inu nonse amene mwafika nane pa mzere uno: ndemangayi mwawerenga mutaima, kapena mutakhala?